Momwe wiski amapangidwira ku Scotland, kuchokera pa balere kukafika m'botolo

Wiski wa mtundu wa single malt, kutanthauza wa chimera cha balere chokha wochokera ku fakitale imodzi, amene dziko la Scotland limatchuka naye, amapangidwa ndi zinthu zitatu zokha, zomwe ndi balere, madzi ndi yisiti. Mafakitale a wiski m'dzikomo ndi oposa 140, ndipo ambiri mwa iwo amatsata ndondomeko imodzimodzi: amameretsa balere kuti akhale chimera, amagaya chimeracho, amafulula mowa, amautcheza kawiri m'miphika ya mkuwa, kenako amausunga m'migolo kwa zaka zingapo. Komabe wiski wa ku fakitale ya Laphroaig amanunkha utsi ndi mankhwala a kuchipatala pamene wa ku Glenmorangie amanunkhira ngati zipatso, ndipo kusiyanaku sikuchokera m'chinsinsi china chilichonse chobisika. Kumachokera pa zimene wopanga amasankha pa gawo lililonse la ntchito, komanso pa kuzizira ndi chinyezi cha dzikolo, zomwe zimachedwetsa chilichonse ndi kupatsa wopangayo mpata woyendetsa ntchito mosapupuluma. Amene akufuna kumvetsa ntchitoyi, kaya akukafuna ntchito m'fakitale kapena akungofuna kudziwa chimene chili m'botolo, ayenera kuitsatira gawo ndi gawo.

Musanagwire chilichonse, dziwani lamulo

Ku Britain ndi mlandu kutcheza mowa popanda chilolezo cha bungwe lotolera misonkho la HMRC, ngakhale mowawo utakhala woti mumwe nokha kunyumba. Kuwonjezera apo, malamulo a mu 2009 otchedwa Scotch Whisky Regulations amanena momveka bwino chimene chingatchedwe Scotch. Mowawo uyenera kufululidwa ndi kutchezedwa ku Scotland, uyenera kutuluka mu mphika ukali wake usanafike 94.8 peresenti, uyenera kukhala m'migolo ya mtengo wa oak yosapitirira malita 700 kwa zaka zosachepera zitatu m'dziko lomwelo, ndipo pothira m'botolo ukali wake usatsike pa 40 peresenti. Zololedwa kuwonjezeramo ndi madzi ndi karamelo wongosinthira mtundu basi.

Nkhani ya misonkhoyi ndi yakale ngati wiski yemwe. Chikalata chakale kwambiri chotchula mowa wotcheza ku Scotland ndi cha mu 1494, ndipo chimanena za chimera chimene chinaperekedwa kwa mmonke wina dzina lake John Cor. Nyumba ya malamulo ya Scotland inaika msonkho woyamba pa mowawu mu 1644, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake anthu a kumapiri ankatcheza mobisa m'zigwa ndi m'mapanga. Zinthu zinasintha ndi lamulo la mu 1823, limene linatsitsa msonkho ndi kulola munthu kugula chilolezo pa mapaundi 10. George Smith wa ku Glenlivet anatenga chilolezo chake mu 1824, zomwe zinakwiyitsa anansi ake amene ankatchezabe mobisa.

Kupanga chimera

Balere woyenera ndi wokhala ndi sitachi wambiri ndi mapuloteni ochepa, chifukwa sitachi ndiye amene adzasanduke shuga, ndipo shugayo ndiye adzasanduke mowa. Wambiri amalimidwa kum'mawa kwa dziko, m'madera monga Moray ndi Aberdeenshire, kumene mvula ndi yocheperako poyerekeza ndi kumadzulo. Amadzalidwa cha mu Malichi kapena Epulo ndi kukololedwa cha mu Ogasiti kapena Sepitembala, ndipo akakololedwa amaumitsidwa ndi kusungidwa kwa kanthawi, popeza njere yongochoka kumunda siimera bwino.

Ntchito imayamba ndi kunyika balereyo m'madzi ozizira kwa masiku awiri kapena atatu. Madziwo amakhetsedwa pakati pa nthawiyi kuti njere zipume, kenako amathiridwanso, mpaka chinyezi cha m'njere chitafika pafupifupi 45 peresenti. Njere ikamwa madzi chotere imayamba kumera, ndipo pomera imatulutsa ma enzyme amene amafewetsa mkati mwake ndi kukonzekera kusandutsa sitachi kukhala shuga. Mwa njira yakale, balere wonyowayo amayalidwa pansi pa nyumba yaikulu ya miyala kwa masiku asanu mpaka sabata, ndipo anthu amamutembenuza ndi mafosholo a matabwa usana ndi usiku pakapita maola angapo alionse. Kutembenuzaku kuli ndi zifukwa ziwiri: njere zomera zimatulutsa kutentha kumene kungaziwononge, ndiponso timizu take timalukana mpaka kukhala chimphasa cholimba chikasiyidwa. Apa m'pamene kuzizira kwa dziko kumayamba kuthandiza, pakuti mmisiri amangotsegula kapena kutseka mawindo, ndi kuyala balere mopyapyala kapena mochindikala, kuti kutentha kukhale pamene akufuna.

Kuti adziwe ngati chimera chafika, mmisiri amatenga njere imodzi, amaiswa ndi chikhadabo, n'kuipaka pakhoma kapena pakati pa zala. Ikasiya mzere woyera wosalala wonga wa choko, ndiye kuti mkati mwafewa mokwanira. Ikakhala ndi timibulu tolimba, iyenera kudikira. Akachedwa, mphukira imadya sitachi amene amafunika pa mowa, choncho tsiku limodzi lokha likhoza kuchepetsa zokolola za fakitale. Masiku ano mafakitale ochepa okha ndi amene amayalabe chimera pansi, monga Springbank, Balvenie, Highland Park, Bowmore, Laphroaig ndi Kilchoman. Ena ambiri amagula chimera ku makampani akuluakulu amene amachimeretsa m'ziwiya zozungulira ndi makina, ndipo palibe chifukwa chowanyozera, chifukwa chimera cha makina chimatuluka chofanana nthawi zonse.

Kumera kumaimitsidwa poumitsa chimeracho m'ng'anjo. Chimayalidwa pa chitsulo chabowobowo pamwamba pa moto kapena mpweya wotentha, ndipo kutentha kumakwezedwa pang'onopang'ono, chifukwa moto waukali ungaphe ma enzyme amene afunike mtsogolo. Chinyezi chimatsitsidwa mpaka pafupifupi 5 peresenti. Madenga osongoka amene amaoneka pa zithunzi za mafakitale ambiri anali a ng'anjo zimenezi. Katswiri wolemba mapulani a nyumba, Charles Doig, anapanga loyamba ku Dailuaine mu 1889 pofuna kuti utsi uzikoka bwino.

Pano ndi pamene wopanga amasankha ngati wiski wake adzanunkhe utsi kapena ayi. Peat ndi dothi lakuda lopangidwa ndi zomera zimene zinaunjikana m'madambo ozizira osawolerana kwenikweni, ndipo limakula pafupifupi milimita imodzi pachaka. Limadulidwa ngati njerwa zazitali, limaumitsidwa padzuwa ndi mphepo, kenako limasonkhezedwa pansi pa chimera kuti lifuke utsi wambiri m'malo moyaka ndi malawi. Utsiwo umakakamira pa mankhusu pamene chimera chidakali chonyowa, n'chifukwa chake peat amagwiritsidwa ntchito m'maola oyambirira okha, ndipo kuumitsa kumatsirizidwa ndi mpweya wotentha wopanda utsi. Kuchuluka kwa utsi kumayezedwa m'magawo pa miliyoni a mankhwala a mu utsi otchedwa phenol: chimera cha Ardbeg chimakhala ndi magawo opitirira pang'ono 50, pamene wiski wa Octomore wa ku Bruichladdich amapangidwa ndi chimera chopitirira 100. Peat wa ku Orkney, kumene mitengo ndi yosowa chifukwa cha mphepo, amachokera kwambiri ku zitsamba za heather, ndipo utsi wa wiski wa Highland Park, fakitale ya ku Orkney komweko, ndi wofatsa kusiyana ndi wa pachilumba cha Islay. Mafakitale ambiri a m'dera la Speyside sagwiritsa ntchito peat n'komwe.

Kugaya ndi kufulula

Chimera chouma chimapita kuchigayo, koma cholinga si kupanga ufa wosalala. Mafakitale ambiri amafuna kuti pa magawo 100 alionse, 20 akhale mankhusu, 70 akhale misere, ndipo 10 okha akhale ufa. Ufa ukachuluka umatseka mabowo a pansi pa chiwiya chofululira ndipo madzi sakhetseka. Mankhusu akachuluka madzi amadutsa mofulumira osatenga shuga yense. Wogaya amayeza zimenezi ndi kabokosi ka matabwa ka masefa awiri, kamene amakagwedeza ndi manja kenako n'kuika pasikelo zimene zatsala pa sefa iliyonse. M'mafakitale ambiri mudzapeza zigayo zakale za kampani ya Porteus, zina za zaka zopitirira 50, zikugwirabe ntchito tsiku ndi tsiku.

Chimera chogayacho chimasakanizidwa ndi madzi otentha m'chiwiya chachikulu chotchedwa mash tun. Kutentha kwa madzi oyamba n'kofunika kwambiri: chisakanizocho chiyenera kukhala pa madigiri 63 kapena 64, pamene ma enzyme amagwira bwino ntchito yosandutsa sitachi kukhala shuga. Kukakwera ndi madigiri ochepa chabe ma enzyme amafa, ndipo kukatsika sitachi sasungunuka. Madzi otsekemera amene apangika amakhetsedwa pansi, kenako amathira madzi achiwiri otentha kwambiri, cha m'ma 75, kuti atsuke shuga wotsala. Madzi achitatu, amene amayandikira kuwira, amatenga shuga wochepa kwambiri, motero amasungidwa kuti adzakhale madzi oyamba a ulendo wotsatira. Zotsalira za chimera zimatengedwa ndi alimi kukadyetsa ng'ombe, ndipo zina masiku ano zimapita kopangira magetsi ndi gasi. Wofulula akakhetsa pang'onopang'ono, madzi otsekemerawo amatuluka oyera ndipo wiski amadzakhala wa fungo la zipatso; akakhetsa mofulumira amatuluka ambuu, ndipo wiski amadzamveka ngati mtedza ndi phala.

Mafakitale amakonda kutamanda akasupe awo, monga Robbie Dhu wa ku Glenfiddich kapena Tarlogie wa ku Glenmorangie, ndipo n'zoona kuti madzi ayenera kukhala aukhondo. Koma m'maganizo anga, chimene chimafunika koposa pa madzi ndi kuchuluka ndi kuzizira kwake, chifukwa madzi ambiri amene fakitale imagwiritsa ntchito salowa m'botolo. Amapita koziziritsa nthunzi pa nthawi yotcheza. Chaka chikakhala chouma ndipo mitsinje yaphwa kapena yafunda, mafakitale ena amaimitsa ntchito.

Madzi otsekemera aja amaziziritsidwa kufika pa madigiri pafupifupi 18 kapena 20, amapopedwa kulowa m'zimigolo zikuluzikulu zotchedwa washback, zimene zimakhala za matabwa a paini kapena za chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo amathiramo yisiti. Pakapita maola ochepa pamwamba pamayamba thovu, limene limakwera mwamphamvu kotero kuti zimigolo zambiri zili ndi mikono yozungulira pansi pa chivundikiro yodulira thovulo kuti lisasefukire. Yisiti amadya shuga ndi kutulutsa mowa, mpweya wa carbon dioxide ndi kutentha, ndipo kutenthako kukapitirira madigiri 35 yisiti amafooka ntchito isanathe, n'chifukwa chake m'nyengo yofunda wofulula amayamba ndi madzi ozizirirapo. Musaweramitse mutu m'chimgolo chotere kuti mununkhize, chifukwa mpweya umene waunjikana pamwamba umabaya m'mphuno ndipo ukhoza kukomola munthu.

Yisiti amatsiriza ntchito yake m'maola pafupifupi 48, ndipo mowa umene wapangika umakhala ndi ukali wa 8 kapena 9 peresenti. Fakitale yofuna wiski wa fungo la chimera imautenga pomwepo kukatcheza. Ina imausiya maola 70, 100 kapena kupitirira apo, ndipo pa nthawi yowonjezerayi ukali sukwera, koma tizilombo tosasitsa timayamba kugwira ntchito. Tizilomboti timapulumuka chifukwa, mosiyana ndi opanga mowa wa m'mabotolo, opanga wiski sawiritsa madzi otsekemera asanathire yisiti. Asidi amene timatulutsa amadzalumikizana ndi mowa n'kupereka fungo la maapulo, mapeyala ndi zipatso zina. Kudikira kotere kumatanthauza kuti fakitale ipanga wiski wochepa pa sabata, choncho ndi chisankho chimene chimadya ndalama.

Kutcheza, pamene luso lenileni lagona

Mowa umawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa 100, motero chisakanizo cha ziwirizi chikatenthedwa, nthunzi yoyamba kukwera imakhala ndi mowa wambiri kuposa madzi. Nthunziyo ikadutsa m'paipi yozizira imasandukanso madzi, koma aukali. Ku Scotland lamulo limafuna kuti single malt atchezedwe m'miphika, ndipo miphikayo imakhala ya mkuwa, yokhala ndi mimba yaikulu pansi, khosi lalitali, ndi mkono wopindika pamwamba wopita koziziritsira. Mkuwa sunasankhidwe chifukwa cha kukongola. Nthunzi ikamakhudza mkuwa, zinthu za sulufule zimene zimanunkha ngati mazira owola kapena kabichi wophika zimakakamira pamenepo, ndipo mowa umatuluka woyera. Chifukwa cha ntchito imeneyi mkuwa umadyeka pang'onopang'ono, ndipo amisiri, monga a kampani ya Forsyths ya ku Rothes, amasintha zigawo zimene zapyapyala motsatira ndendende maonekedwe a zakale.

Kutcheza koyamba kumachitika mu mphika waukulu, umene umadzazidwa pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Miphika yambiri lero imatenthedwa ndi mapaipi a nthunzi odutsa mkati, ngakhale ku Glenfarclas amasonkhabe moto pansi penipeni pa mphika. Mowa ukayamba kuwira umachita thovu lokwera m'khosi, ndipo wotcheza amayang'ana pa kawindo ka galasi kamene kali pakhosipo. Thovu likaonekera amachepetsa moto msanga, chifukwa likadumphira mu mkono liwononga zonse zimene zatuluka kale. Likakhazikika amapitiriza kwa maola angapo mpaka zotuluka zitatsala ndi mowa wosakwana 1 peresenti. Zonse zimene zasonkhanitsidwa zimatchedwa low wines, ndipo ukali wake umakhala cha m'ma 20 mpaka 25 peresenti. Sizimweka, ndipo palibe chimene chimasankhidwa pa ulendo umenewu.

Kusankha kumachitika pa kutcheza kwachiwiri, mu mphika wocheperapo. Zotuluka zimadutsa m'bokosi la galasi ndi chitsulo chachikasu lotchedwa spirit safe, limene limakhala lokiyidwa ndi loko, ndipo kwa zaka zambiri makiyi ake ankasungidwa ndi wotolera msonkho. Wotcheza sangalawe kapena kukhudza mowawo. Amatembenuza timipini tapanja kuti auloze kumene akufuna, ndipo amawerenga ukali ndi kutentha kwake pa zipangizo zoyandama m'timabotolo ta mkati. Zoyamba kutuluka ndi zaukali kwambiri, zimanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto, ndipo zimatsuka mafuta amene anatsalira m'mapaipi pa ulendo wapita. Wotcheza amasakaniza pang'ono ndi madzi mkati mwa bokosilo: zikachita mbuu, nthawi sinakwane, zikakhala zoyera, mtima wa wiski, womwe ndi gawo labwino lokalowa mu mgolo, wayamba, ndipo amatembenuza mpini kulozetsa ku thanki yosungira. Kwathu otcheza kachasu amalemekeza mutu ndi kuugulitsa modula chifukwa cha ukali wake, koma ku Scotland mutu umenewu saulola kulowa mu mgolo. Amaubweza kuti ukatchezedwenso.

Mtima umayamba ukali uli cha m'ma 72 mpaka 75 peresenti, ndipo umatsika pang'onopang'ono kwa maola awiri kapena atatu. Ukafika cha m'ma 60 mpaka 64, fungo limayamba kusintha kukhala la chikopa, thukuta ndi makatoni onyowa, ndipo wotcheza amatembenuzanso mpini kuti mchira upite kumene kunapita mutu. Mutu ndi mchira zimasakanizidwa ndi low wines a ulendo wotsatira, choncho palibe mowa umene umatayidwa. Malo enieni odulirapo ndi amene amasiyanitsa kwambiri fakitale ndi inzake. Fungo la zipatso ndi maluwa limatuluka koyambirira, pamene la utsi ndi mafuta limatuluka mochedwa, motero wofuna wiski wopepuka amadula msanga, ndipo wofuna utsi wa peat amalola mtima kutsika kwambiri asanadule. Liwiro nalonso ndi lofunika, chifukwa mphika ukathamangitsidwa ndi moto wambiri, zolemera zimakwera pamodzi ndi zopepuka ndipo mowa umatuluka wokhakhala pakhosi.

Maonekedwe a mphika amathandizana ndi dzanja la wotcheza. Mu mphika wa khosi lalitali nthunzi yolemera imazizira isanafike pamwamba, imagweranso pansi, ndipo yopepuka yokha ndi imene imadutsa. Miphika ya ku Glenmorangie ili ndi makosi aatali mamita 5.14, ndipo wiski wake ndi wopepuka. Ya ku Macallan ndi yaing'ono ndi yaifupi, ndipo wiski wake ndi wolemera ndi wamafuta. Ku Auchentoshan, pafupi ndi Glasgow, amatcheza katatu kuti mowa upepuke kwambiri. Choziziritsira nachonso chili ndi mbali yake. Mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito chitsulo chokhala ndi timapaipi tambirimbiri ta mkuwa, koma ena, monga Talisker, Mortlach ndi Dalwhinnie, anasunga njira yakale ya paipi imodzi yaitali yopindidwapindidwa m'thanki ya madzi panja. Mu njira yakaleyi nthunzi imakhudza mkuwa wochepa, makamaka m'nyengo yachisanu pamene madzi ozizira kwambiri amaisandutsa madzi mofulumira, ndipo wiski amatuluka wolemera ndi wa fungo la nyama yowotcha. Kuchokera pa tani imodzi ya chimera, fakitale yoyenda bwino imapeza malita opitirira pang'ono 400 a mowa weniweni wosasakaniza madzi.

Migolo ndi zaka zodikira

Chimene chatuluka mu mphika ndi choyera ngati madzi, cha ukali wa pafupifupi 70 peresenti, ndipo mwalamulo sichinakhale wiski. Chimasungunulidwa ndi madzi, kawirikawiri kufika pa 63.5 peresenti, n'kuthiridwa m'migolo. Migolo yambiri imachokera ku America, chifukwa lamulo la kumeneko limafuna kuti wiski wawo wotchedwa bourbon asungidwe mu mgolo watsopano wowauliridwa mkati, motero mgolo ukagwira ntchito kamodzi umagulitsidwa. Mgolo wotere umalowa malita pafupifupi 200 ndipo umapatsa wiski mtundu wagolide ndi fungo la vanila ndi kokonati. Ina imachokera ku Jerez, m'dziko la Spain, kumene imayamba yasunga vinyo wa sherry. Iyi imalowa malita pafupifupi 500, ndi yodula kwambiri, ndipo imapereka mtundu woderapo ndi fungo la zipatso zouma. Amisiri a migolo, monga a ku Speyside Cooperage ku Craigellachie, amaphwasula, kukonza ndi kumanganso migoloyi popanda msomali kapena guluu; matabwa amagwirana ndi mikombero yachitsulo yokha. Mgolo wogwiritsidwa ntchito koyamba ku Scotland umapereka mtundu ndi fungo mwamphamvu, wachiwiri mofatsa, ndipo wotopa umapalidwa mkati ndi kuwaulidwanso ndi moto.

Mu mgolo mumachitika zinthu zitatu nthawi imodzi. Makala a mkati amayamwa fungo loipa limene linatsala, thabwa limapereka mtundu ndi kukoma kwake, ndipo mpweya wolowa kudzera m'thabwa umasintha mowa pang'onopang'ono kuti ufatse. Nyumba zosungiramo zakale ndi zazifupi, za makoma a miyala ochindikala ndi pansi padothi, ndipo migolo imasanjikizidwa itatu yokha. Mukalowamo mumamva kuzizira, chinyezi ndi fungo la nkhungu. Zamakono ndi zazitali, za mashelefu achitsulo. Chaka chilichonse mgolo umataya pafupifupi 2 peresenti ya zimene zili mkati, ndipo chifukwa mpweya wa ku Scotland ndi wonyowa, mowa umauluka mofulumira kuposa madzi, motero ukali umatsika ndi zaka. Wosunga migolo yakale ayenera kuiyeza kawirikawiri, pakuti mowa ukali wake ukatsika pansi pa 40 peresenti sungagulitsidwenso pawokha ngati wiski. M'maiko otentha monga India ndi Taiwan, kumene nakonso amapanga wiski wabwino, mgolo ukhoza kutaya 10 peresenti kapena kupitirira pachaka, ndipo thabwa limalowerera msanga kotero kuti kusunga zaka 20 n'kovuta. Kuzizira ndi kumene kumalola Scotland kugulitsa wiski wa zaka 12, 18 kapena 25 amene sanasanduke madzi owawa a khungwa.

Si zoona kuti wiski wakale amaposa wamng'ono nthawi zonse. Mowa wa zaka 10 wa mu mgolo wabwino ukhoza kuposa wa zaka 25 wa mu mgolo wotopa, ndipo utsi wa peat umazirala ndi zaka, choncho okonda utsi nthawi zambiri amasankha wamng'ono.

Kusakaniza ndi kuthira m'botolo

Palibe migolo iwiri yofanana, ngakhale itadzazidwa tsiku limodzi ndi kuikidwa moyandikana. Katswiri wosakaniza amatenga pang'ono mu mgolo uliwonse, amasungunula ndi madzi kufika cha m'ma 20 peresenti, ndipo amayesa ndi mphuno koposa ndi lilime, popeza munthu sangalawe migolo mazana pa tsiku n'kukhalabe woganiza bwino. Amasankha migolo imene ikaphatikizidwa ipereke kukoma kumene ogula anazolowera. Migolo yonse ikachokera ku fakitale imodzi ndipo ndi ya chimera cha balere chokha, ameneyo ndi single malt, ndipo lamulo limafuna kuti athiridwe m'botolo ku Scotland komweko. Koma wiski wambiri amene amagulitsidwa padziko lonse, monga Johnnie Walker amene anayambira ku Kilmarnock, ndi wosakaniza wa mafakitale ambiri pamodzi ndi wiski wa tirigu kapena chimanga. Wiski wachiwiriyu amatchezedwa mosalekeza m'nsanja zazitali za mtundu umene Aeneas Coffey analembetsa mu 1830, m'mafakitale akuluakulu monga Cameronbridge ndi Girvan, ndipo amatuluka waukali wa pafupifupi 94 peresenti, wopepuka ndi wotchipa.

Asanathire m'botolo amawonjezera madzi kuti ukali utsike kufika pa 40, 43 kapena 46 peresenti. Wiski wosakwana 46 amachita mbuu akazizira kapena akathiridwa ayezi, chifukwa cha mafuta achilengedwe amene ali mkati, choncho makampani ambiri amamuziziritsa kwambiri ndi kumusefa kuti mafutawo achoke. Ena amakana kutero ponena kuti kusefako kumachepetsa kukoma, ndipo amalemba zimenezi pa botolo. Powerenga chizindikiro, kumbukirani kuti nambala ya zaka imanena za wiski wamng'ono kwambiri amene ali m'botolomo, kuti wiski sakulanso akalowa m'botolo, ndiponso kuti mtundu woderapo sutsimikizira zaka, poti karamelo ndi wololedwa. Mayina a madera asanu, Highland, Lowland, Speyside, Islay ndi Campbeltown, ndi otetezedwa ndi lamulo ndipo amasonyeza kumene wiski anatchezedwa, koma sakulonjeza kukoma kwake: Bunnahabhain ili pa Islay, koma wiski wake wodziwika alibe utsi wambiri.

Amene ali ku Scotland akhoza kukaona zonsezi ndi maso, chifukwa mafakitale ambiri amalandira alendo. Wokhala ku Glasgow ali pafupi ndi Auchentoshan ndi Glengoyne, wa ku Edinburgh ali pafupi ndi Glenkinchie, ndipo wofuna kuona ntchito yonse pamalo amodzi, kuyambira pa chimera choyalidwa pansi mpaka pa botolo, apite ku Springbank ku Campbeltown, tauni imene kale inali ndi mafakitale pafupifupi 30 koma lero yatsala ndi atatu. Kupita ku Islay kumafuna sitima ya pamadzi yochokera ku Kennacraig, ulendo wa maola pafupifupi awiri, ndipo ndi bwino kusungitsiratu malo. Funsani kaye ngati fakitale ikugwira ntchito, chifukwa ambiri amaima kwa masabata angapo m'nyengo yofunda kuti akonze makina, ndipo mukhoza kukapeza miphika ili yozizira. Ngati mukuyendetsa galimoto musalawe, popeza kuyambira mu Disembala 2014 malire a mowa m'magazi a woyendetsa ku Scotland ndi mamiligalamu 50 pa mamililita 100, otsika kuposa a ku England. Mafakitale ambiri amapatsa oyendetsa timabotolo toti akalawire kunyumba.